Ine Kapena Anapiye a Ba Mlamu

Lolemba

Ba Mlamu, amuna a Ba Sisi, agamula mlandu tikumwa tiyi. Pofika Lamulungu ndikhale nditapeza munthu mmodzi, mmodzi yekha, wofuna kugula mbale zanga. Apo ayi makina anga osemera mbale zamtengo atuluka m'galaja, mulowa anapiye, ine ndikagulitsa zitenje kwa Ba Anti ku Kamwala. Zaka zitatu za uinjiniya ku yunivesite, lero ndikulimbirana malo ndi nkhuku!

Sindikuopa. Loweruka kuli khichini pate ya Mutinta ku Kabulonga, phwando la azimayi asanalowe m'banja. Mutinta yemwe uja ankakopera masamu anga, iye n'kumaliza, ine ayi. Kumeneko mphatso iliyonse amaikweza m'mwamba, woperekayo n'kuvina, azimayi onse andalama akuona. Ena akapereke mapoto. Ine:

mbale zinayi zolowa, zamtengo
mbale yaikulu ya zipatso
mtsuko wa maluwa wa khosi lalitali, wakukamwa kochepa, wopyapyala ngati chigoba cha dzira

Mtengo ndaupeza, wa mango, augwetsa dzana ku Woodlands. Wagalimoto potsitsa zipika kuno ku Chelstone akufunsa ndi mawu achifundo: "Ni nkhuni za malilo, sisi? Wamwalila ndani?"

Lachiwiri

Chipika chili pa makina, chikuzungulira, tchizulo ikudya bwinobwino. Zopalidwa zikutuluka zazitali ngati nthambo. Madzi nawo akuwaza mzere umodzi: pakhoma, kudenga, pankhope panga. Mtengowu ndi wauwisi.

Ndikudziwa zimene amanena. Ati mbale ya mtengo wauwisi uisiye yokhuthala, uikwirire mu utuchi, udikire miyezi. Amatero anthu amene sanalembepo mayeso a kutentha ndi chinyezi. Ine ndinalemba, ndinakhoza, ndipo uno ndi Okutobala. Mbale ziwiri zokongola zili pamalata, dzuwa lichite ntchito yake.

Magetsi athima masana. Ba Sisi pazenera: "Iwe, vinyalala vako vafika mpaka mu shuga!"

Lachitatu

Ndakwera padenga. Imodzi yang'ambika kuchokera pakamwa mpaka pansi. Inayo yasanduka bwato. Ukaiika patebulo ikugwedeza mutu ngati ikundimvera chisoni.

Palibe kanthu, zipika zilipo. Yachitatu ikuyenda bwino, kenako khwee! Msomali m'kati mwa mtengo. Anthu a ku Woodlands, nyumba zikuluzikulu, mageti oyenda okha, koma waya woyanikira zovala amakhomera pa mango! Tchizulo yanga yabwino yaguluka dzino.

Ulendo wa ku Kamwala kukanoletsa tchizuloyo. Ndikudutsa chakutali, mutu pansi, koma Ba Anti maso awo sakalamba. "Mwana wanga! Bwela uone, ka stulu kako nagula kudala!" Kampando kofiira kapulasitiki, pakati pa mipukutu ya zitenje. Akupukutapo fumbi ine ndikuona.

Lachinayi

Ba Mlamu abweretsa matumba a chakudya cha nkhuku ndi zomwera zake. Ati akungosunga. M'galaja mwanga. Atola utuchi pansi, akuufikisa m'manja ngati munthu wosankha ufa pamsika: "Uyu usataye, mlamu. Nkhuku zizagonapo bwino." Ndiye kuti sabata yonse ndakhala ndikuyalira nkhuku pogona!

Mbale yachinayi. Ndikuipala m'kati, ndikufuna ikhale yopyapyala kuti Kabulonga yonse iime. Pang'ono chabe. Pang'ononso. Ndikuona kuwala pansi pake, ndikuti ndi luso. Si luso, ndi bowo. Mbale zoonongeka zija ana a m'nyumba muno azisandutsa zipewa, yabowoyi yatsala yanga, yothirira mafuta m'botolo.

Mbale ya zipatso yathawa pa makina ili pa liwiro. Yadutsa pafupi ndi khutu langa, yaphwanya chomwera nkhuku chimodzi. Ndi nkhani yabwino yokhayo ya lero.

Zatsala:
chipika chimodzi
tchizulo yofupika
ulemu pang'ono

Lachisanu

Mtsuko. Uwu wokha ukwanira, mbale aliyense amapanga. Kunja ndaumaliza, mimba yozungulira, khosi lowonda ngati la kakowa. Mizere ya mango yatuluka yachikasu ndi yakuda, ikuyenda ngati utsi. Ndazimitsa makina kuti ndingouyang'ana. Palibe mphunzitsi aliyense amene anandiphunzitsa ichi.

Tsopano kukumba m'kati kudzera pakamwa paja, osaona chimene chitsulo chikuchita, kumangomvera m'manja. Chitsulo chakola. Khosi lauluka.

Sindikulira. Ndadula pamwamba kuti palingane, ndakulitsa pakamwa, ndayamba kukumba mwachangu. Ndili pakati, magetsi athima. Ndadikira mpaka Ba Sisi ayatsa mbaula. Magetsi sanabwere.

Chimene ndili nacho: chinthu chachifupi, cholemera, makoma okhuthala ngati chala chachikulu, dzenje lozama pang'ono. Ndachipaka mafuta ophikira, ndachikulunga m'pepala lonyezimira. Ndikanena kuti ndi mmene amapangira masiku ano. Ndani akanditsutse?

Loweruka

Kabulonga. Tenti yoyera, udzu wobiriwira ngati kuno mvula imagwa yawoyawo. Mutinta wakhala pamphasa, nkhope pansi, ngati sanayambe wakuwapo pa munthu.

Mphatso zikudutsa: mapoto, firiji, mapoto enanso. Dzina langa. Ng'oma. Ndavina ndi chiuno chouma ngati thabwa, mawu anga okonzeka pakamwa: za mizere ya mtengo, za mtsuko wosafuna maluwa chifukwa ndi wokongola pawokha.

Ba Matroni, amayi oyendetsa mwambo, amasula pepala. Akuchitembenuza. Akuchigogoda. Akuchikweza m'mwamba ndi manja awiri.

"Azimayi, onani! Ka mtondo ka galiki na mpilipili! Uyu ndiye mwana woleledwa!"

Nthungululu tenti yonse. Ndatsegula pakamwa, ng'oma yanditsekera.

Ba Matroni anditembenukira: "Koma iwe, munsi uli kuti? Mtondo ulibe munsi, nyumba iyenda bwanji?"

Azimayi akugubuduka ndi kuseka. Andivinitsanso kachiwiri ngati chindapusa.

Pachakudya andizinga. Wina akufuna kotere, wina kokulirapo kosinjira nsinjiro, wina tiwiri, kena katumizidwe kwa mwana wake kunja. Ndikuti ndimapanganso mbale zopyapyala. "Mbale tili nazo, mami." Mutinta wandinong'oneza: "Ninaziba kuti uzapeza ka nchito ka manja." Ka nchito!

Lamulungu

Foni ikulira kuyambira tisanapite kutchalitchi. Onse mitondo. Wina akutsindika kuti ikhale yolemera chimodzimodzi, ndisasinthe kalikonse.

Ba Mlamu amva okha. Akusamutsa matumba awo mwakachetechete, anapiye akakhala kuseri kwa nyumba. Utuchi ati azitengabe. Ba Anti atumiza uthenga kuti kampando asunga, munthu sadziwa za mawa.

Galaja ndi langa. Ndapambana nkhuku.

Khosi la mtsuko ndalipeza pansi pa tebulo, losalala, lopanda chilema. Ndaliika pazenera.

Mawa ndiyamba ndi munsi wa Mutinta, magetsi akabwera.