Foloko ya Akamwini

Nkhaniyi ndikanaibisa, koma theka la anthu a ku Nachisaka anandiona nditagona chagada m'munda wa mbatata, njinga ili pamwamba panga. Ndibisirenjinso? Bola muimve kwa mwiniwake.

Mwana wanga Tadala anakwatiwa ndi mnyamata wokonza njinga ku Lilongwe. Ndi mmodzinso wa aja amathamangitsa njinga pamsewu atavala kabudula wothina ngati wobwereka kwa mwana (ndinawaona pa foni, ndinatsinzina). Koma ulemu ali nawo, ndipo si munthu wa zokamba zambiri.

Atabwera kudzationa ukwati utangochitika, anandipeza ndikukankha njinga yanga pachitunda cha kuseri kwa nyumba, nditakwezapo thumba la mtedza. Foloko, chija chimagwira tayala lakutsogolo, inali itapindika kalekale, moti njinga inkangokokera kumanzere ngati ng'ombe yaona msipu. Akamwiniwo anangoiyang'anitsitsa. Ulendo wotsatira anabwera ndi foloko yakuda bii, yonyezimira, yopepuka ngati phesi, n'kuimangirira okha pansi pa mtengo wa mango.

Vuto linayambira pa mwambo. Ine ndinaleredwa kuti mpongozi ndi mkamwini sayang'anizana, ndipo sachezerana ngati anthu okumana pachitsime. Choncho pamene iwo ankafotokoza kasamalidwe ka foloko ija, ine ndinali kuseri kwa chitseko, Tadala ataima pakhomo kumandipatsira mawu. Akamwini analankhula nthawi yaitali ndithu. Tadala, yemwe mtima wake unali pa nyemba zimene zinkapserera kukhitchini, anangondidulira kuti folokoyo si yachitsulo, ndi ya kaboni, ndipo kaboni ndi mtundu umodzi ndi makala.

Ndinavomera ngati ndamva. Mumtima ndinati, ngati ali pachibale ndi makala ndiye kuti moto anauzolowera.

Kunena zoona njinga inasintha. Zitunda zopita ku Ntchisi, zimene ndinkazikwera wapansi ndikupuma ngati wodwala chifuwa, ndinayamba kuzipalasa mpaka pakati. Amayi anzanga a kumpingo ankabwera kudzainyamula kutsogolo, n'kumagwira pakamwa. Ndinanyada, sindikana. Chimodzi chokha chinkandisowetsa mtendere: foloko yatsopanoyi inalibe pomangirira dengu lakutsogolo, lomwe ndimaikamo tomato ndi buku la nyimbo.

Tsiku la msika ndinapita nayo ku Chezi kwa bambo wina wowotcherera zitsulo, kuti aikepo timakutu togwira dengu. Anaigogoda ndi sipanala, n'kunena kuti ikulira ngati chipanda, iye sanaonepo yotere. Ine, ndi mawu a munthu amene ali ndi mkamwini kutauni, ndinamuuza kuti asade nkhawa, ameneyo ndi kaboni, saopa moto. Bamboyo anandikhulupirira. Anayatsa moto wake wa gasi uja.

Choyamba chinali fungo, longa la matayala akupsa. Kenaka utsi. Kenaka mwendo umodzi wa foloko unachita matuza, n'kuyamba kutulutsa timaulusi takuda ngati ndevu za chimanga. Anazimitsa moto, tonse awiri tikungoyang'ana pansi ngati tili pamaliro.

Munthu wanzeru akanaimba foni. Koma inu, mungayambe bwanji kuuza mkamwini, amene simunalankhulepo naye maso ndi maso, kuti mphatso yake mwaiwotcha ngati chimanga? Chinkandiopsa kwambiri n'chakuti adzati kuchipongozi kwawo n'kwa anthu osayamika, ndipo manyaziwo adzawasenza ndi Tadala m'banja lake latsopano. Ndiye ndinakulunga pachilondapo ndi malegeni, ndikupakapo polishi wa nsapato. Patali zinkaoneka bwino ndithu.

Loweruka lina Tadala anaimba kuti ali m'njira, akubwera onse awiri. Ndinathamangira kokagula nyama ndi shuga. Pobwerera, pamtsetse wotsikira kwathu, pomwe anthu anali mbwee kuchokera kumsika, foloko inatopa nane. Sinathyoke mwaukali ayi. Inangogwada pang'onopang'ono ngati mwana wolandira alendo, ine n'kudutsa pamwamba pa mahandulo mpaka m'mizere ya mbatata ya aneba.

Amene anandichotsa njinga pamimba anali akamwini, atangotsika panjinga yamoto. Anandigwira dzanja n'kundidzutsa, anthu onse akuona, mwambo utatsalira m'mbatatamo pamodzi ndi shuga. Atatsimikiza kuti sindinathyoke paliponse, anamasula malegeni aja, n'kununkhiza.

Panalibenso chitseko chobisalako. Ndinawayang'ana kumaso koyamba, n'kuwauza zonse, kuyambira ku dengu mpaka ku polishi. Ndinkadikira kuti nkhope igwe. M'malo mwake anakhala pansi pamzere, misozi ili lengelenge m'maso, n'kunena kuti akuthokoza Mulungu kuti yathera pano pofewa, osati pamtsetse wamiyala wotsikira kumtsinje. Foloko ina ipezeka, anatero, koma amayi ake a Tadala sagulitsidwa m'sitolo. Mawu amenewo anandikhudza mtima kwambiri, ndipo sindidzawaiwala.

Kenaka anafunsa mwaulemu kuti nanga n'chiyani chinandipangitsa kuganiza zoiika pamoto.

"Pajatu akuti kaboni ndi mbale wake wa makala," ndinayankha.

Analuma mlomo kuti asaseke.

"Zoonadi amayi. Nanga makala mukawaika pamoto amatani?"

Anthu amene anatizungulira aja anafa nazo nseko. Tadala anathawira kuseri kwa nthochi.

Madzulo ake ndinawagwirira tambala, chifukwa nyama ija agalu anali atathana nayo kale. Tinadya pamphasa imodzi. Anandifotokozeranso za kaboni kuyambira pachiyambi, ine ndikuwayang'ana pakamwa, ndipo zinapezeka kuti mawu awo oyamba tsiku lija anali akuti isayandikire moto. Tadala mpaka pano amanamizira nyemba.

Mwezi usanathe anabweretsa foloko ina ya kaboni, pamodzi ndi dengu lokolowekera ku mahandulo, losafuna wowotcherera. Masiku ano akabwera ndimawayalira mpando pamaso panga, ndipo ndikapanda kumva ndimafunsa ndekha. Koma m'mawa uliwonse ndikamakoleza mbaula, ndimawayang'ana makala aja akuyaka bwinobwino, n'kumadzifunsa kuti tsiku limene lija nzeru zanga zinali zitapita kukacheza kwa yani.