Sabata Imene Ndinasanduka Makina

Lolemba

Apongozi, Che Saidi, andipatsa sabata imodzi. Sakulankhula ndi ine mwachindunji, akuuza mwana wawo, mkazi wanga amake Shakira, ine ndili chikhalire pomwepo: "Muwauze bambowa kuti injini yanga yatopa kuwothera dzuwa." Likafika Lamulungu boti langa lisanatenge mlendo kupita ku chilumba cha Thumbi, injini ibwerera ku usipa. Ine pambuyo pake, kukakoka khoka la chilimira.

Ine? Munthu amene ndinakhoza Chingerezi pa Fomu 4 mpaka aphunzitsi kundigwira chanza kawiri!

Mwayi ulipo. Mlonda wa pa loji wandipatsa nambala ya mayi wina wa ku Ulaya, dzina lake Hana. Afika kuno ku Chembe Lachisanu ndipo akufuna kukaona nkhwazi.

Pulani:
1. Kumulembera Chingerezi chenicheni, cha m'buku.
2. Osadula mawu michira ngati a masiku ano.
3. Kumuonetsa Mussa kuti sukulu si masanje.

Mussayo anathawa sukulu ali Sitandade 5, koma boti lake limadzaza azungu tsiku lililonse. Zimandiwawa, sindibisa.

Lachiwiri

Kalata yatha. Ndime zisanu! Ndayamba papepala, kenako kukopera mu foni ndi chala chimodzi. Pamwamba "Dear Madam", moni, kufunsa za kunyumba, mbiri ya nkhwazi, pansi "Yours faithfully" ndi maina anga onse atatu.

Yankho lafika masana: "k".

Chilembo chimodzi. Ngakhale mbuzi ikafuna kuyankha imati "mee".

Amake Shakira akuti mwina foni yamuthera moto ali mkati molemba. Ndikudikira mawu otsalawo.

Lachitatu

Mawu aja sanabwere. Ndalemba kalata yachiwiri yothokoza chifukwa cha "k" uja. Ndime zisanu ndi ziwiri, pakuti ulemu sugula.

Wayankha ndi kachithunzi ka chigaza cha munthu. Chigaza! Mtima wanga phaa, kwawo kwagwa zovuta. Ndavula chipewa, ndalemba kalata yopepesa maliro, ndafunsanso kuti mwambo uli liti.

Zigaza zitatu zabwera.

Banja lonse?

Amake Shakira aseka mpaka kutaya usipa umene amayanika. Akuti pa gulu lawo la amayi la pa foni chigaza chimatanthauza kuti munthu waseka kwambiri. Iwowa akudziwa, ine wa satifiketi ayi. Tsono eni ake chilankhulo asiya kuchilankhula, ife tinkakwapulidwira chiyani?

Lachinayi

Lero Hana walemba mzere wathunthu. Ndinayamba kusangalala, kenako ndawerenga. Akufunsa ngati ndine munthu kapena makina aja a pa intaneti olemba okha. Akuti munthu wamoyo salemba chonchi, munthu wamoyo amalakwitsa.

Makina! Ine wodwala dzino chaka chino chomwe!

Ndamutumizira umboni:
1. Ndili ndi mkazi ndi ana awiri.
2. Ndili ndi chipsera cha mbedza pachala.
3. Ndili ndi apongozi.
Ndamaliza ndi kumutsimikizira modzichepetsa kuti ndimapuma mpweya.

Akuti, "Makina onse amatero."

Apongozi adutsa madzulo, agogoda injini ngati akusankha chivwende. Sanandiyang'ane.

Lachisanu

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Titatuluka ku mzikiti ndamukokera Mussa pambali kuti andiphunzitse. Watenga foni yanga, wawerenga makalata onse milomo ikugwedera, wati, "Achimwene, mumafunsira ntchito kapena mumafuna kasitomala?"

Malamulo a Mussa:
1. Moni ayi.
2. Mawu asapitirire anayi.
3. Ulakwitse dala.
4. Kachithunzi ka nsomba.

Ndayesa kulakwitsa, dzanja likukana. Ndalikakamiza, foni yakonza yokha. Ndalakwitsanso, yakonzanso. Pomaliza ndatumiza mawu atatu opunduka ndi kansomba, ndikupempha aphunzitsi anga andikhululuke kumene agonako.

Uthenga sukupita. Chithunzi cha Hana chazimiririka. Amake Shakira akuti wanditsekera kunja.

Ndangokumbukira kuti Mussa anayang'anitsitsa nambala ija nthawi yaitali.

Loweruka

Ndatsuka boti m'mawa. Ndagula tinsomba toponyera nkhwazi. Ndavala shati loyera, mwina mwake.

Nayo Hana akutsika kumchenga ndi anzake anayi, Mussa patsogolo atanyamula zikwama. Afika pa ine, Mussa akuloza: "Makina anu aja ndi awa."

Mayiyo wakuwa. Wandigwira mkono kuti aone ngati ndi mnofu. Wapempha kuona chipsera. Akuti makalata anga amawerengera anzake mokweza m'basi njira yonse, ndipo agogo ake aamuna ankalemba chimodzimodzi. Andijambula onse asanu, wina kawiri.

Kenako akwera boti la Mussa.

Tinsomba tija tadyera nsima.

Lamulungu

Apongozi abwera ndi amuna awiri ndi mtengo wonyamulira. Injini yapita ikulendewera ngati mbuzi ya pa Idi. Auza amake Shakira kuti andiuze ndisavale shati loyera, chingwe cha chilimira chimadetsa.

Boti langa lili gada pamchenga. Nkhuku yalowa kale pansi pake.

Masana foni yalira. Hana, ali pa ulendo wobwerera, wanditsekulira. Ndime zinayi! Pamwamba "Dear Sir". Akupepesa, akufunsa za amake Shakira ndi ana, akuti chaka chamawa adzakwera boti langa basi. Pansi "Yours faithfully". Palibe cholakwika ngakhale chimodzi, ndafufuza kawiri.

Sabata yonse ndimafuna kalata yotere. Ndaiwerenga nditakhala pa boti lopanda injini, anzanga a chilimira akundikuwira kuti ndifulumire.

Ndamuyankha: "k".