Malo Asanu ndi Awiri Oopsa Panjira ya ku Joni

Lolemba

Mwana wathu Esinati wachira ku Joni. Wamwamuna. Akuti amupatsa dzina langa. Ndiye kuti tilipo awiri tsopano, dziko likonzekeretu.

Nkhani yoipa ndi iyi: amake Esinati akunyamuka Lamulungu likubwerali kukasamala khandalo. Miyezi itatu! Pa basi.

Ine zaka makumi anayi ndi zisanu ndili pachikamwini pano. Mudzi ndi wa akazanga. Munda ndi wawo. Mango ndinadzala ndekha, koma mthunzi wake ndi wawo. Iwowa akachoka, ine nditsala ngati ndani?

Zimene zikundidikira:
- kudya kwa alamu anga a Feliya, ang'ono awo a mayi, amene mchere amangowuonetsa ndiwo chapatali;
- kutumidwa ngati mkamwini wofika dzulo;
- kucheza ndi mbuzi;
- kunena bodza popanda wondiyankha.

Chomalizachi ndiye chikundiwawa kwambiri.

Koma mwayi wandipeza pa Namitambo. Zitumbuwa zimene ndagula andikulungira m'pepala la magazini ya Chingerezi. Ndinalekeza Sitandade 6, koma yakale, yokwapula. Ndakhala pansi pa mtengo, chala pamzere, ndawerenga: malo asanu ndi awiri oopsa kwambiri padziko lonse lapansi. Zithunzi zilipo. Nambala 4 yokha mafuta a zitumbuwa afufuta. Imeneyo ndidzapeka ndekha.

Pulani: choopsa chimodzi tsiku lililonse, m'mawa pa tiyi, ngati mapiritsi a bipi. Pofika Lachisanu adzanena okha kuti ulendo walephereka. Malowa ali kutali, inde. Koma ndani m'mudzi muno akudziwa kumene kuli Burazilu? Onse ndiwaika kungopitirira Tete pang'ono.

Madzulo mayi akuti, "Bambo, pali nkhani ina imene Esinati wanena." Ndawadula. Ndati nkhani zikuluzikulu zili ndi ine, ndipo ziyamba mawa. Angondiyang'ana n'kupitiriza kusankha nyemba.

Lachiwiri

Nambala 1: chilumba cha njoka. Pepala likuti ku Burazilu kuli chilumba chimene njoka zachulukapo mpaka boma limaletsa anthu kupondapo. Ine ndati basi ya ku Joni imaima pamenepo kuti anthu akataye madzi.

Ndathirako mchere pang'ono. Ndati njoka zake zimakwera nawo, ndipo zimakonda mpando wa pawindo.

Mayi: "Oho."

Basi, pathera pomwepo. Zaka zonsezi "oho" ameneyu sindinamumvetsebe.

Alamu a Feliya amamvetsera kuseri kwa mpanda, popanda wowaitana. "Chilumba cha njoka? Alamu, ife Alomwe mukutiopseza ndi ndiwo? Achemwali angonyamula mchere ndi tsabola!" Aseka mpaka nkhuku zabalalika.

Masana ndapita kudimba kukathirira mpiru. Pakati pa mzere, chinthu chakuda, chachitali! Ndalumpha ngati wazaka makumi awiri. Ndowa uko, patapata uko. Ndabwerera ndi mtengo. Ndi mphira wa chubu cha njinga, amene ndinataya ndekha sabata yatha.

Palibe wandiona. Kupatula alamu.

Pobwera ndapeza jekete langa lakuda lachapidwa, lili pachingwe. Nsapato zanga zapakidwa polishi. Mayi mtima ukuwatsutsa, akufuna kundinyengerera. Mankhwala ayamba kugwira!

Lachitatu

Nambala 2: msewu wa ku Boliviya. Anachita kuusema m'mbali mwa phiri. Mbali ino thanthwe, mbali inayo phompho, pansi pake mitambo. Galimoto ziwiri sizipatukirana. Ndajambula ndi chala padothi. Ndati uli pakati pa Tete ndi Zimbabwe, ndipo madalaivala amadutsapo atatsinzina.

Mayi: "Agogo anga anachoka ku Mozambiki wapansi, mwana kumsana, mtondo pamutu. Ine ndikalephere pampando wa siponji?"

Ndamwa tiyi.

Tapita ku Namitambo kukagula zonyamula: usipa, makaka, zitenje ziwiri zoberekera khanda. Pobwerera, njinga zamoto ziwiri. Ya mayi ndi katundu wawo yafika bwinobwino. Yanga ayi. Pa kamlatho ka matabwa kaja, thabwa limodzi palibe. Ndinali pakati pofotokozera woyendetsa za Boliviya, iye n'kucheuka kuti amve bwino.

Zotsatira:
- bondo lasupuka;
- buluku lang'ambika pamalo osatchulika;
- chipewa chapita ndi madzi, mwina chafika kale ku Mulanje.

Madzulo a Namakhwa, anzanga a bawo, abwera kudzandizonda, ndiye kuti kudzandiseka. Alamu aliponso, samasowa. Mayi akundithowa bondo ndi madzi otentha, n'kufunsa mofatsa: "Nanga inuyo bambo, atati pitani ku Joniko, mungapite?"

Ndayankha mokweza kuti onse amve. Ndati ngakhale atandimanga chingwe m'khosi ngati ng'ombe ya ku famu ya Mikolongwe, phazi langa silidzaponda basi imeneyo. Ndalumbira kwathunthu: chala kunyambita, kudutsitsa pakhosi, kuloza kumwamba.

Mayi: "Oho."

Alamu amwetulira. Kumwetulira kumeneku sindinakukonde.

Lachinayi

Nambala 3: chigwa cha ku Amereka, chotentha moti dzira limapsa pamwala. Mawu okha sakuthandiza, lero chionetsero. Dzuwa la Okutobala lilipo laulere. Ndaswera dzira pa chidutswa cha lata pabwalo. Ndati onani kuno kwathu kozizira, nanga kumeneko?

Tadikira. Mayi adikira nane pang'ono n'kupita kukasita bulauzi. Dzira likungondiyang'ana ndi diso lake limodzi. Ndapita kukamwa madzi. Pobwera, galu wa a Namakhwa akunyambita lata.

Dziralo ndinatenga pansi pa nkhuku yofungatira ya alamu. Adziwa kale. Munthu uja amawerenga mazira ngati ana.

Poti nthawi ikutha ndaponyeratu nambala 4, yanga ija: njuchi za pachipata cha Zimbabwe, zazikulu ngati nkhunda, zimene zimayamba kuluma okalamba.

Masana amayi a kutchalitchi abwera kudzatsanzika, mabulauzi oyera bwalo lonse. Mayi awafotokozera zoopsa zanga zonse, osasiyapo n'chimodzi chomwe. Ine pakhonde mtima mbee. Ndati tsopano awaletsa.

M'malo mwake:
- alira;
- apemphera nthawi yaitali, kutchula njoka, phompho ndi njuchi zanga, chimodzichimodzi;
- aimba nyimbo zitatu;
- alonjeza nkhuku yootcha ya kamba wa panjira.

Mmodzi, wamawu ngati belu, akuti, "Ngati khanda lili kumalo otero, miyezi itatu siyikwana. Mukakhale mpaka Isitala."

Mpaka Isitala!

Mayi tsopano akuyenda ngati msilikali wopita kunkhondo, anthu akuwagwira chanza ndi manja awiri. Wawasandutsa ngwazi ndi ndani? Ine.

Chakumadzulo mayi aimbira foni Esinati kuseri kwa khola la mbuzi, alamu ali pambali. Dzina langa ndalimva kawiri.

Lachisanu

Zatsala zitatu: phiri lolavula moto, akangaude a ku Ositireliya obisala m'nsapato, ndi phiri lachisanu lothothola anthu zala. Ndangozinena zonse pamodzi ngati zolengeza za kutchalitchi. Mayi akumanga thumba la makaka. Ngakhale "oho" lero sanapereke.

Pulani yachiwiri: aone ndi maso awo mmene ndidzavutikire ndekha. Andipeze ndikudya zophika ndekha, pamphika, ngati wamasiye. Achite chisoni.

Iwo atapita kuchigayo ndasankha kalongonda, nyemba zathu za Chilomwe zija. Azimayi amamuphika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kuwiritsa, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso. Akuti apo ayi amazunguza mutu. Ine kuyambira kale ndimadziwa kuti imeneyi ndi njira chabe yopezera nthawi ya miseche. Ndamuphika ola limodzi. Madzi sindinataye. Msuzi wabwinobwino utayidwirenji?

Ndadya mbale yodzaza. Wolimba pang'ono, koma mano anayi amene ndatsala nawo ayesetsa.

Kenako dziko layamba kuyenda. Phiri la Chiradzulu ndaliona kawiri, linalo chadodolido. Ndasanza zonse, mpaka zitumbuwa za Lolemba. A Namakhwa andikweza pa njinga yakapalasa, ulendo wa kuchipatala cha Ndunde, ine ndikuwauza kuti achepetse liwiro pamene iwo akuchita kukankha.

Anamwino: "Agogo, Mlomwe wamkulu ngati inu, kalongonda wa ola limodzi?"

Onse a pabenchi amva. Mayi wina wodwala dzino waseka atagwira tsaya.

Akazanga afika ufa uli m'tsitsi. Andigwira pachipumi. Chisoni achitadi. Ndati mwaonatu? Akuti, "Ndaona. Ndapempha kwa a Namakhwa kuti azikupatsirani mbale."

Ndafunsa, nanga alamu a Feliya? Angoyamba kukutumula ufa m'tsitsi.

Loweruka

Ndili pamphasa pakhonde. Phala lokha. Foni yalira, ndi Esinati, mayi aika poti tonse timve.

"Ababa, pepani, sindimadziwa kuti ulendo mumauopa chonchi. Matikiti ndinagula awiri, yanu ndi ya amayi, kuti mudzamunyamule mnzanu wa dzina. Koma poti mwachita kulumbira, Lachinayi ndinasinthitsa dzina. Abwera ndi amayi aang'ono a Feliya. Inu pumulani."

Kumbuyo kwake khanda likulira. Mawu amphamvu, osapumira. Anga enieni.

Ndakhala chete. M'moyo wanga aka mwina n'kachitatu.

Jekete lija. Nsapato zija. Pasipoti imene Esinati anatikakamiza kupangitsa chaka chatha, kani ili patebulo kuyambira Lolemba, ine n'kumaikapo kapu ya tiyi.

Mayi: "Ndinati pali nkhani. Munati zanu ziyambe."

Ndayesa kukonza. Ndati:
- Burazilu ali kutsidya kwa nyanja yamchere, basi siyifikako;
- Boliviya chimodzimodzi;
- njuchi ndinapeka ndekha, pepala lilipo, onani mafutawa;
- kulumbira kwa munthu wosupuka bondo sikuwerengedwa.

A Namakhwa, amene abwera kudzandizonda, akuti iwo chala anachiona chikuloza kumwamba. Mnzanga wa zaka makumi atatu! Esinati akuti a basi akana kusintha dzina kachiwiri.

Ndipo chinthu china ndinachiiwala. Alamu a Feliya pasipoti ali nayo kalekale, ankapikula mabulangete ku Joni komweko. Njira akuidziwa ngati ya kuchigayo. Sabata yonse akhala akundimvetsera ndikusamutsira Boliviya ku Tete, osatsutsa ngakhale kamodzi.

Masana abwera kudzabwereka chikwama changa cha zipi. Ndawapatsa. Ndikanatani?

Lamulungu

Anyamuka m'mawa, minibasi ya ku Limbe. Ndawaperekeza mpaka pamsewu, motsimphina, jekete nditavala poti lachapidwa kale. Anthu awiri andifunira ulendo wabwino. Ndathokoza.

Alamu pawindo: "Njoka ndikazipatsa moni, alamu! Nkhuku zanga muzitsekera."

Mayi andikonza kolala. "Miyezi itatu, osati Isitala. Nsapato muzikutumula musanavale, kuopa akangaude anu aja."

Ndawapatsa wotchi yanga yosayenda ija kuti akapatse mnzanga wa dzina. Ndati mukamuuze kuti agogo ake si amantha. Ndi abodza chabe.

Kutchalitchi apempherera apaulendo kuti adutse bwino pa njuchi. Ndati ameni pamodzi ndi onse.

Pakhomo zii. Mbuzi zinayi, nkhuku za alamu, ine. Pasipoti ndabwezera m'sutikesi. Ulendo wake wonse: sutikesi, tebulo, sutikesi.

Ndatenganso pepala lija. Malo onse oopsawa palibe amene andigwira ngakhale chala. Zondivulaza sabata ino: dimba, kamlatho, mphika. Pa nambala 4 pamene mafuta anafufuta ndalembapo ndi bolopeni: "Pakhonde panga, Chiradzulu, nthawi ya tiyi. Pamakhala mkulu wina wolankhula."

Masana a Namakhwa abweretsa mbale yovundikira. Kalongonda. Akuti akazi awo amuphika kuyambira dzulo. Ndayamba ndapatsako galu wawo, ndadikira, galu ali bwino, ndadya.

Madzulo ndakhala pafupi ndi khola. Ndauza mbuzi yamawanga ija kuti ku Joni ndakana ndekha, chifukwa cha ntchito. Yandiyang'ana ikutafuna.

Ngakhale "oho" sinanene.