Alendo Sikisitini M'nyumba mwa Azakhali

Lolemba
Ndili kwa azakhali ku Njuli. Kuli phee, sola ikugwira. Aphunzitsi anga a kuyunivesite akufuna zotsatira pofika Lamulungu, apo ayi digiri ya masitala ndiiwale. Ntchito yake: kuyerekeza njira zitatu zoikira kwaki pakompyuta. Kwaki ndi kanthu kopepukitsitsa ka m'kati mwa atomu. Kompyuta siidziwa malo osalala, ndiye umawadula timadontho ngati mapando a chimanga. Vuto: ukabzala kwaki mmodzi, amamera sikisitini. Enawo sunawaitane.

Lachiwiri
Chiperoni chatsika m'phiri, ngakhale mtengo wa mango sukuoneka. Njira yoyamba: alendo osaitanidwawo uwalemetse mpaka alephere kusuntha. Zikutheka, koma kwaki weniweniyo nayenso akulemera. Azakhali akufunsa chomwe ndikung'ung'udzira. Ine kupusa, ndawauza zoona. "Waika mmodzi, atuluka angati?" Achita chizindikiro cha mtanda, atenga mbale yawo kukadyera panja.

Lachitatu
Njira yachiwiri: kwaki umuduledule, ziwalo uzimwaze m'makona oyandikana. Ndi yachangu, koma atsala anayi, nkhope imodzi. Ndakuwa kuti "Atsala anayi!" Azakhali agwetsa ndowa. Nkhuku zaleka kulowa m'nyumba. Mphaka wangokhala pakhomo, maso pa laputopu, osaphethira.

Lachinayi
Njira yachitatu ndi yaukhondo koma yolemetsa makina. Pa mbali zinayi za malo ndi nthawi umawonjezera yachisanu yomwe maso saiona, kwaki wozungulira chakumanja amakakhala kukhoma ili, wozungulira chakumanzere kukhoma ilo. Laputopu yatentha ngati mbaula, ikubuula ngati munthu. Wakabaza yemwe amandinyamula wandidutsa ngati sandidziwa. Kunena zoona nanenso ndayamba kuopa. Masana ano ndinatembenuka kawiri, kumbuyo kulibe munthu.

Lachisanu
Abwera amayi a kumphakati, opemphera nawo azakhali. Zomwe abweretsa:
makolona
kandulo
botolo la madzi odalitsa
Ndawafotokozera kuti ndi masamu chabe, kuti akatswiri anatsimikiza kale kuti sungawachotse alendowo popanda kutayapo kanthu. Mayi wina wagwedeza mutu. "Eya, zinthu zimenezi sizichoka ulele." Ndavomera, chifukwa akunena zoona.

Loweruka
Kwatsala pang'ono, mzere wobiriwira wosonyeza pomwe laputopu yafika uli kumapeto! Ndathamangira kuchimbudzi. Pobwera ndikumva nyimbo ya Maria m'chipinda mwanga. Azakhali ali chilili, botolo lili mbee, kiyibodi ikudontha. Laputopu yalira kamodzi, kautsi kakwera, zii. Mayo ine! Zonse zinali momwemo, sindinasunge pena.

Lamulungu
Chiperoni chachoka. Nkhuku zalowa m'nyumba. Laputopu ili m'thumba la mpunga, koma ndikudziwa kuti yapita. Mtima ukundiwawa, digiri yanga! Azakhali abwera kuchokera ku Misa akuwala nkhope, andipatsa nthochi. "Mwana wa achimwene anga, ugona bwino tsopano."
Aphunzitsi atumiza uthenga kufunsa njira yomwe yapambana. Ndawayankha kuti yachinayi, ya azakhali. Yachotsa onse sikisitini, kuphatikizapo amene ndinamuitana yemwe.