Mapipiemu awiri ndi buluku la ba Pasita

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Nangongwe, pali amayi ena ogulitsa tomato amene akandiona amakoka chitenje chawo n'kuchipanira m'miyendo, ngati kuti ndingachisukulutse ndi maso. Iwo amaseka. Ine sindiseka. Nkhani imeneyi yakambidwa mokwanira ndi anthu osadziwa n'komwe kusiyana kwa galamu ndi miligalamu, ndiye lero ndilekeni ndiikambe mwini wakene, muweruze nokha ngati ndinali woyenera kunyozedwa chonchi.

Ine ndine wa mpingo wa Rifomudi, umene makolo anga anabwera nawo kuchokera ku Malawi, ndipo timapemphera titakhala pansi. Mkazi wanga, amake Tisa, amapemphera kukatchalitchi ka Pentekosite kuseri kwa nyumba yathu, kumene kiibodi imayamba kulira tambala asanaganize. Zawo sindilowerera. Koma chaka chimenecho apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga, amene amalima repu ndi tomato ku Shimabala, anaganiza zobatizidwa kumeneko.

Kale ubatizo wawo unkachitikira mumtsinje wa Kafue. Ulendo womaliza mvuu inatulutsa mphuno pafupi ndi kwaya, ndipo kwayayo inakamalizira nyimbo kumsewu. Ndiye mpingo unamanga dziwe la njerwa ndi simenti kuseri kwa tchalitchi, lolowa malita zikwi ziwiri. Madzi anali a pachitsime, inali nthawi ya mvula, ndipo paliponse anthu ankakamba za kolera. Sisita Mutinta, mayi wa mumpingomo amene ntchito yake ndi yoyeza madzi akumwa, ananena kuti muthiridwe kolorini anthu asanamizidwemo. Mwatsoka sabata lomwelo kunagwa maliro kwawo ku Mazabuka.

Apa m'pamene mkazi wanga anaimirira pakati pa anthu n'kupereka dzina langa popanda kundifunsa.

"Bashi Tisa bazachita. Banasebenzako ku labu."

(Sanalakwitse kwenikweni. Ndinagwira ntchito kufakitale ina ku Industrial Area, ndipo mulabu, chipinda choyezeramo zinthu, ndinkalowamo tsiku lililonse. Zoti ndinkalowamo kukasiya mabotolo a madzi a m'mathanki kenako n'kutuluka, palibe anandifunsa, ndipo ine si munthu woyankha zimene sindinafunsidwe.)

Sisita Mutinta ndinakumana nawo pasiteji ya minibasi, mwendo wina uli kale m'kati. Iwo mwamuna aliyense amamuitana kuti bulaza, kutanthauza mbale.

"Ba bulaza, ikani chabe mapipiemu yabili. Mwaziba ka vamene nikamba?"

"Pipiemu?" ndinaseka. "Sisita, ine pipiemu nadya nayo nshima zaka zambili."

Anandipatsa kabotolo kakang'ono koonekera m'kati ndi timapiritsi toyera. "Mukasiliza, tapani manzi mu aka, muponyemo kapilisi kamozi. Ngati yakhala pinki pang'ono, ninshi ili bwino." Kondakitala anamenya chitseko, minibasi inanyamuka, ndipo malangizo anathera pomwepo. Taonani bwino: sananene supuni, sananene kapu, sananene kilo. Anati mapipiemu awiri. Mukumbukire zimenezi pamene muzindiweruza.

Kwa inu amene simunapondeko mulabu, pipiemu ndi muyeso wosonyeza kuchuluka kwa mankhwala m'madzi, gawo limodzi pa magawo miliyoni. Zimenezo ndinkazidziwa. Vuto ndi loti sikelo ya amake Tisa, imene amayezera nyemba, sidziwa miliyoni. Imadziwa makilo ndi magalamu. Panafunika kutembenuza.

Loweruka masana ndinakhala pakhonde n'kukumba m'mutu. Ndinakumbukira bwana wathu wa labu akuuza mnzake kuti pipiemu imodzi ndi galamu imodzi. Mawu amenewa ndinawamva ndi makutu angawa, ndili pakhomo ndi kireti ya mabotolo. Ndinakumbukiranso kuti zinthu za m'madzi amaziyeza pa lita. Basi masamu anangodziyala okha: magalamu awiri pa lita iliyonse, malita zikwi ziwiri, magalamu zikwi zinayi. Makilo anayi. Ndinabwereza katatu ndipo katatu konse anatuluka chimodzimodzi. Masamu anga analibe banga, ndipo pamenepa sindidzagonja.

Kolorini analipo wokwanira. Bambo wina wa mumpingomo, wosamalira maiwe osambiramo kumaloji a m'mbali mwa mtsinje, anali atasiya ndowa ya kolorini wa ufa kunyumba kwathu. Ndinayeza, ndinanyamula, ndinakhuthulira m'dziwe muja, n'kuvundula ndi nsungwi. Madzi anayera ngati mkaka. Fungo linandiwomba m'mphuno mpaka misozi, ntchentche zonse za kuseri kwa tchalitchi zinasamuka, ndipo galu wa oyandikana nawo amene ankandionerera anayetsemula n'kuchoka. Mumtima ndinati, ukhondo umanunkha chonchi.

Koma ine ndine munthu wosamala, sindinadalire mphuno. Ndinatapa madzi m'kabotolo kaja n'kuponyamo kapiritsi. Kanangoti pinki phethi, kenako mbee, madzi oyera ngati sindinaikemo kanthu. Ndinayesanso kena. Chimodzimodzi. Tsono inu mukanaganiza chiyani? Munthu wakuuzani kuti pinki ndiye kuti kolorini alimo. Pinki palibe. Ndiye kuti kolorini wachepa! Ndinati madzi a pachitsimewa ndi auve kwambiri, akudya mankhwala. Ndinabwerera kunyumba n'kukatenga wina, ulendo uno osavutikanso ndi sikelo.

(Ndinadzamva pambuyo pake kuti kolorini akachulukitsa amasukulutsa ngakhale mtundu wa kapiritsiko. Ndiuzeni, ndi chida chanji choyezera chimene chimakhala chete pa nthawi imene zinthu zafika poipa? Mlonda wotere kufakitale akanamuchotsa ntchito tsiku lomwelo. Koma palibe ndi mmodzi yemwe ku Nangongwe amene amaseka kapiritsi.)

Lamlungu ndinavala jekete n'kupita kutchalitchi kwawo, koyamba chikwatirane. Ufa unali utadikha pansi, madzi ali mbee, okongola ndithu. Anthu ankatsokomola pang'ono akayandikira, koma ba Pasita, mwamuna wamtali wokonda kuvala bwino, anandiimiritsa pamaso pa onse.

"Tiombele m'manja ba injiniya batu! Lelo kulibe kolela, kulibe mvuu!"

Anandiombera. Amake Tisa anandiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira tisanakwatirane. Sindibisa, ndinamva bwino.

Ba Pasita anavula jekete n'kutsikira m'madzi ndi buluku la suti yawo yatsopano, labuluu wakuda, madzi n'kuwalekeza m'chiuno. Akanayamba kubatiza nthawi yomweyo, mwina nkhani ikanachepa. Koma ayi. Anaona kuti malo abwino olalikirira ndi momwemo. Analalikira za Yorodano. Analalikira za mitima youma. Anatembenukira kwa achinyamata ndi mafoni awo. Ndinaona akukanda bondo lina ndi phazi linzake, kenako akudumphadumpha pang'ono, maso ali psuu.

"Namvela moto!" anakuwa. "Abale, namvela moto mu mendo!"

"Ameni!" unayankha mpingo wonse, wa kiibodi n'kuwonjezera mphamvu.

Ine pamenepo ndinayamba kukayikira, koma ndinadzilimbitsa. Kwathu ku Rifomudi abusa samva moto m'miyendo, ndiye ndinalibe poyerekezera.

Woyamba kuitanidwa anali apongozi, poti ndiwo anali aakulu pa onse. Anabwera mwaulemu wawo, atavala bulauzi yoyera ndi chitenje chatsopano chobiriwira, tsitsi lili bii chifukwa dzulo lake amake Tisa anali atalipaka dayi kubisa imvi. Ba Pasita anawagwira pamsana, ananena mawu aja mofulumira kuposa mmene ndimayembekezera, n'kuwamiza.

Anavuuka ngati nsomba yogwidwa ndi mbedza.

"Maso yanga! Mayo, maso yanga!"

Amayi anayamba nthungululu. Wina kumbuyo anakuwa kuti chiwanda chikutuluka. Koma apongozi anasiya Chinyanja n'kulowa m'Chisoli cha kwawo, ndipo ngakhale ine Chisoli sindichimva bwino, mawu amene ankatuluka sanali a munthu wobadwa mwatsopano. Ba Pasita anawakankhira kumtunda n'kutuluka nawonso pambuyo pawo. Apa m'pamene nthungululu zinazima imodziimodzi, kiibodi n'kutsala yokha, kenako nayonso zii.

Buluku lija, lamba yekha ndi kansalu ka m'mwamba mwake ndi zimene zinali zikadali zabuluu. Kuchokera m'chiuno kutsika linali la mtundu wa papaya wakupsa.

Amake Tisa, ndiwayamikire pamenepa, sanataye nthawi. Anathamangira kumpopi wa oyandikana nawo n'kuyamba kukhuthulira amayi awo ndowa za madzi kumaso ndi thupi lonse, madikoni akuchita chimodzimodzi kwa ba Pasita. Chitenje chobiriwira chija chinali chitayamba mawangamawanga ngati nkhanga. Ena amene ankadikira ubatizo anali atabwerera m'mbuyo mpaka kumpanda. Kenako mkazi wanga, mkazi amene ndinamulipirira zonse kwawo, anaimbira Sisita Mutinta n'kukweza mawu a foni kuti aliyense amve.

"Ba bulaza, mwaikamo bwanji?" anafunsa Sisita, kumbuyo kwawo kukumveka nyimbo za pamaliro.

"Monga mwamene munakambila. Mapipiemu yabili. Makilo folo."

"Ma chani?"

"Makilo folo. Na yina pang'ono pamwamba, chifukwa kapilisi kanu sikanasebenze."



"Ba bulaza," anatero Sisita pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala, "pipiemu imozi ni miligalamu imozi pa lita. Miligalamu. Olo ngati mufuna galamu, ni galamu imozi pa kiyubiki, ndiye malita wani sauzande. Imwe mwatenga galamu ya uku na lita ya uku, mwavikwatilisa. Apo penze kufunika ka tiisupuni kamozi kozula. Pelekani amai ku kiliniki manje manje, na ba Pasita."

Supuni imodzi ya tiyi, yodzadza. Ine ndinali nditathira zopitirira chikwi.

Pomwepo ndinakumbukira kuti bwana wa labu uja, tsiku limene ananena za galamu, pakamwa pake panali pakuyendabe pamene chitseko chinkatsekeka kumbuyo kwanga. Theka la chiganizo linatsalira m'kati.

Tsono tiyeni tikambirane ngati anthu akuluakulu. Chinthu chimodzi, mayina atatu: pipiemu, miligalamu pa lita, galamu pa kiyubiki. Ndani anapanga zimenezi, ndipo ankafuna kukola yani? Pamsika mulu wa tomato ndi mulu wa tomato, sungaupeze mawa ukutchedwa dzina lina. Thumba la chimanga ndi thumba la chimanga. Koma anthu ophunzira anakhala pansi n'kugwirizana kuti kachidutswa kakuti "mili", kamene munthu angakameze poyasamula, kazisiyanitsa supuni ndi ndowa. Ndiye wolakwa n'kukhala ine? Nanga Sisita amene anapereka malangizo mwendo uli m'minibasi? Nanga ba Pasita amene anamva moto n'kupitiriza ulaliki? Nanga mvuu, imene inayambitsa zonsezi?

Kukiliniki anawatsuka m'maso onse awiri, anawapatsa mankhwala odonthezera ndi mafuta opaka, n'kunena kuti achira. Anachiradi, ndipo pa chimenecho ndimathokoza Mulungu moona, chifukwa usiku umenewo nshima sinatsike. Koma pofika mawa lake tsitsi la apongozi linali litasanduka ngati ndevu za chimanga, ndipo anabwerera ku Shimabala duku atalimanga mpaka m'nsidze, osanditsanzika. Otsala aja anakabatizidwa mwezi wotsatira mumtsinje. Anachita kuvota, ndipo mvuu inapambana.

Ba Pasita anandikhululukira. Anandikhululukira paguwa, pamaikolofoni, motchula dzina, masabata angapo otsatizana, mawu akulowa pawindo la kuchipinda kwathu ine ndili gone. Chikhululukiro chotere ndibwino munthu angokumenya.

Mvula itatha apongozi anabwera kudzaona adzukulu. Anakhala pamphasa chakumbali, ine pampando chapatali monga mwa ulemu wake, ndipo ankalankhula moyang'ana mwana wawo ngakhale mawu anali anga. Ndinkadikira mlandu. M'malo mwake anavula patapata n'kutambasula phazi.

"Uwauze atate ake Tisa," anatero. "Vilonda vija va pakati pa vala, vamene nakhala navo zaka na zaka chifukwa cha manzi ya mu dimba, vinasila. Kuchokela pa ubatizo paja, palibe olo kunyeleza. Manje banzanga ba ku madimba bafunako manzi yamene yaja. Osati yobatizila. Ya mendo chabe."

Amake Tisa anandiyang'ana ndi diso limene ndimalidziwa. Ndinayankha mwaulemu kuti zimenezo n'zosatheka, mankhwala si masewera, amayiwo apite kukiliniki. Apongozi anangoti "Hmm," n'kuvala patapata wawo.

Koma madzulo ake nkhaniyo inkandizungulirabe m'mutu. Kwa nthawi yoyamba chichitikire ubatizo uja munthu anali atayamikira ntchito yanga, ndipo tsopano kutembenuza ndinali nditakudziwa bwino kuposa aliyense m'Nangongwe. Ndinazemba kuseri kwa nyumba n'kuimba foni.

"Sisita Mutinta, muli shani? Nifunseko chabe. Ngati beseni ni ya malita twente, elo munthu afuna..."

"Ba bulaza," anandidula, "siyani." Foni n'kuthima.

Mwaona anthu ake? Ukafuna kufunsa akudulira foni. Ukapanda kufunsa, mawa ukupeza amayi a tomato akubisa zitenje.