Wotchi ya Pakhoma kwa Munthu Wopanda Khoma

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani ya Dzanjalopatsa Limited,
Ku Likulu, Blantyre.

Wolemekezeka Bwana wanga,

Ndagwada, ndavula chipewa, ndipo ndikanavulanso nsapato madzi akanandisiyira. Ndine Dominic Makina, wonyamula matumba pa depoti yanu yogula nandolo ndi mpendadzuwa kuno kwa Nazombe, ku Phalombe. Dzina langa simungalidziwe, koma msana wanga mukuudziwa bwino: ndi uja unatuluka mu nyuzipepala pafupi ndi nkhope yanu, utasenza thumba la chimanga. Ndalemba poyera chifukwa makalata amene ndimapereka kwa kapitawo wathu, a Goodman, amathera kupichirira fodya. Komanso akuti masiku ano a matipate munthu ali ndi ufulu wolankhula, ndiye ndati nane ndiulaweko ufuluwo pothokoza.

Monga munamva pa wailesi, mwezi watha napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi madzi, miyala ndi mitengo. Ananyamula nyumba yanga, nkhokwe, mbuzi ndi njinga. Anandisiyira mtengo wa mango, komanso mkazi wanga Lenia ndi ana atatu, poti anali atakwera mumtengomo. Panopa tikukhala m'kalasi ya Sitandade 3 pa sukulu ya pulayimale, pamodzi ndi mabanja ena a antchito anu. Aphunzitsi aakulu, mayi Bernadette, atiuza mwaulemu kuti tchuthi chatha, sukulu itsegulidwa Lolemba likubwerali, ndipo tipeze kolowera. Koma izi ndi zazing'ono, bwana. Ndiyambe ndi zazikulu.

Choyamba, zikomo kuti munabwera nokha kudzationa. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo napolo sanaimbedi. Koma thandizo lanu linaimba ng'oma, linaliza malikhweru, linabweranso ndi chimkuzamawu. Sabata yonse yokonzekera kubwera kwanu, a Goodman anatichotsa pa mabwinja athu kuti tikapake laimu miyala ya m'mbali mwa msewu. Miyala ina inali yomwe ija inagumula nyumba zathu, ndipo ndikuuzeni, inaoneka bwino kwambiri itayera. Madzulo tinkaphunzira kuvina tchopa mosekerera. Tinamanganso chisakasa cha alendo, chachikulu, chosadontha. Mitengo ndi udzu wake ndi zimene ndinali nditatolera kuti ndimangire msasa wa banja langa, koma a Goodman anati ndi mwayi wanga kuti katundu wanga aphimbe mutu wa bwana. Mwambo utatha anachigwetsa tsiku lomwelo, kuopa kuti anthu opanda pogona angagonemo n'kuipitsa malo a kampani. Udzuwo anautentha. Nzeru zotere ife osaphunzira sitikanaziganiza.

Sindidzaiwala mmene munatsikira m'galimoto, mutavala majombo atsopano, kapepala ka mtengo kakulendewerabe kumbuyo. Munaponda matope kamodzi, ojambula anajambula, munabwerera pa kapeti. Munalankhula kuti antchito anu ndi ana anu, kuti mutu umodzi susenza denga. Tonse tinawomba m'manja, ndipo ena tinayang'ana kumwamba kufunafuna dengalo.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha lole ya chimanga, mabulangete ndi mapepala apulasitiki ofolera imene munapereka ku boma kuti ligawire ovutika. Lole ija inatitimira pa dambo, tinaikankha ndife. Katundu tinatsitsa ndife, tinakwezanso ndife ojambula atanena kuti dzuwa linali kolakwika, kenaka tinatsitsanso. Thumba limodzi ndinalisenza mpaka tinazolowerana. Tsiku logawa litafika ndinaima pamzere ndi Lenia. A ku boma anandizindikira ndi yunifomu, nandiuza mokoma mtima kuti thandizoli ndi la anthu osowa pogwira, ife apantchito atithandiza abwana athu. Ndinathamangira ku depoti. A Goodman anandiuza, mokoma mtimanso, kuti kampani inapereka kale zonse ku boma, ndipite kumeneko. Ndinabwerera ku boma, anandibweza. Ndayenda njira imeneyi mpaka agalu a m'njiramo anasiya kundiuwa. Mnansi wanga amene sanagwirepo ntchito chibadwire akugona m'bulangete lolembedwa dzina la kampani yanu, ndipo m'mawa uliwonse amandituma kuti ndikuthokozereni. Ndiye ndakuthokozerani.

Chachitatu, ndipo apa mtima wanga wadzaza, zikomo chifukwa cha mawotchi. Anthu amiseche ankati antchito mwatiiwala. Manyazi awagwire! Patapita masiku kunabwera katoni, ndipo wantchito aliyense amene nyumba yake inagwa analandira wotchi ya pakhoma. Yaikulu ngati lichero, ya mkombero wagolide, pakati pali nkhope yanu, ndipo mivi yake imazungulira kuchokera pamphuno panu. Pansi palembedwa kuti kampani yakwanitsa zaka khumi. Amiseche omwewo akuti ndi zotsala za chikondwerero cha chaka chathachi zimene zinkadzaza sitolo. Ine ndikuti ayi, bwana anakhala pansi n'kuganiza: kodi munthu amene madzi amulanda zonse akusowa chiyani? Akusowa kudziwa kuti nthawi ili bwanji.

Vuto lake ndi laling'ono, ndipo ndikuchita manyazi kulitchula. Wotchi ya pakhoma imafuna khoma.

Pakadali pano tabwereka la sukulu. Banja lililonse linakhoma yake, moti kalasi ya Sitandade 3 yazunguliridwa ndi nkhope zanu, iliyonse ikuloza nthawi yakeyake. Ukayang'ana kumanzere bwana akuti kwacha, ukayang'ana kumanja bwana akuti weruka. Takanganapo kuti bwana weniweni ndi uti. Mnzanga Goliati, kamunthu kowonda ngati bango, anaopa kuti yake ingabedwe, ndiye anaimanga chingwe n'kumaivala m'khosi. Amayenda chowerama, ndipo anthu pamsika amamuimitsa kuti aone nthawi. Mwana wanga wamng'ono anayamba kukupatsani moni m'mawa, amadandaula kuti simuyankha. Ndinamuuza kuti azolowere. Lenia yekha ndiye waipezera ntchito: amawerengera maola ophika kalongonda, nyemba zija zimafuna tsiku lathunthu pamoto. Kalongondayo ndi wopempha, koma amapsa pa nthawi yake.

Chachinayi, zikomo potiteteza ku ulesi. Ndinapempha a Goodman masiku ochepa atchuthi kuti ndiumbe zidina ndi kuimika kanyumba sukulu isanatsegulidwe. Sindinapemphe simenti, sindinapemphe malata, dothi napolo anatibweretsera lambiri mpaka pakhomo. Ndinangopempha manja angawa, kuti kampani indibwereke kwa kanthawi. A Goodman anandiyang'ana ngati ndapempha mkazi wawo. Anati lamulo lochokera kwa inu ndi lakuti masiku amene tinajomba chifukwa cha madzi tiwabweze, ndiye tizigwira mpaka Lamulungu. Anawonjeza kuti popeza tsopano aliyense ali ndi wotchi, chifukwa chochedwera palibenso. Zoonadi palibe. Mlatho unapita, ndiye ndimawoloka mtsinje zovala zili pamutu, amayi ochapa akuyang'ana kumbali, koma ndimadziwa bwinobwino kuti ndachedwa ndi mphindi zingati. Kale ndinkachedwa mwaumbuli.

Tsono bwana, mundilole ndisiye kaye kuseka, pakuti mano auma. Ndili ndi mantha. Lolemba ana a eni ake adzalowa m'kalasi muja ndi makope awo, ndipo anga adzatuluka ndi mphasa. Mvula sinathe, ndipo kuphiri kukagunda ana anga amathamangira kukagwira chitseko. Dzulo Lenia anandifunsa ana akumva: “Bambo a Hilda, Lolemba tikagona kuti?” Ndinayang'ana pakhoma, inu munali pomwepo mukumwetulira, mphuno yanu ikuloza sikisi koloko.

Koma musadandaule za ife, ife tinazolowera. Nkhawa yanga ili pa wotchi. Ndi katundu waulemu, wa nkhope ya munthu wamkulu. Ndinaganiza zokaikoleka mumtengo wa mango uja, koma mbalame za kuno zilibe mwambo, sizidziwa kusiyanitsa bwana ndi nthambi. Kuivala m'khosi ngati Goliati sindingathe, msana ndi wa matumba anu. Kuigulitsa ndayesapo, mundikhululukire, koma msika wonse wadzaza kale ndi nkhope yanu, ndipo ogula akuti nawonso alibe makoma.

Choncho pempho langa ndi limodzi, lochepetsetsa. Dalaivala wa lole ija anatiuza kuti nyumba yanu ku Blantyre yazunguliridwa ndi mpanda wa njerwa wautali, woti munthu kuuzungulira amatuluka thukuta, ndipo khoma lonselo palibe chopachikapo. Zinandimvetsa chisoni: inu khoma lopanda wotchi, ine wotchi yopanda khoma. Ndiloleni ndidzakhome msomali umodzi wokha, kunja kwake, mbali ya kumsewu. Msomali ndibwera nawo. Ndipo poti mphatso yotere siingasiyidwe yokha m'tauni ya akuba, Lenia ndi ana adzayala mphasa pansi pake kuti aziilondera usana ndi usiku, kwaulere. Sadzasokosa. Alendo anu akamadutsa adzawomba m'manja, tchopa amadziwa kale, ndipo ojambula sadzavutikanso ndi ulendo wa ku Phalombe.

Ngati izi zingakuvuteni, ndibwerekeni manja anga kuyambira mawa mpaka Lamulungu, ndiimike khoma langa. Mukakhala chete ndidzadziwa kuti mwasankha msomali, ndipo tidzafika Lolemba m'mawa ndi basi yoyamba. Sitidzachedwa, bwana. Wotchi tili nayo.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kuchita zikang'a,

Dominic Makina,
Wonyamula matumba,
Kalasi ya Sitandade 3, pakona ya kumanzere, pansi pa nkhope yanu yachitatu kuchokera kukhomo.