Operekeza a Bizwell Miti

Aliyense amene wakhalako ku Fort Jameson m'zaka zino za Chitaganya akudziwa kuti malemu a Bizwell Miti, telala wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye kumunsi kwa msika, ndiwo anali mwamuna yekhayo m'boma lonse amene mphamvu zachimuna zinamuthera. Ndati yekhayo, ndipo wofuna kutsutsa atsutse, koma abwere ndi dzina la wachiwiri. Enafe tonse tinali amphamvu ngati ng'ombe zapagoli. Umboni wake unali wakuti sitinkanena kanthu.

Iwo ankanena, ndipo sankasankha malo kapena omvera.

"Mwadzuka bwanji, a Miti?"

"Ine ndadzuka, achimwene. Koma ndadzuka ndekha."

Wopereka moni uja ankathamangira kuyang'ana nsalu zimene sanabwerere. Amayi ogulitsa tomato ankabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka.

Vutoli linayamba ndi matsagwidi, amene anatengera kwa mwana wawo Rozi ali kale bambo wa ndevu zake. Mwanayo anatupa masaya n'kuchira. Atate ake anatupa masaya, kenako anatupanso kumene mwamuna safuna kutupa, ndipo atachira sanalinso munthu yemwe uja. Lumo lawo linachita dzimbiri chifukwa ndevu zinkamera mwaulesi. Mimba inatsogola, mikono inafewa. Masana ankawodzera phazi lili pa makina, moti wina anakalandira buluku la mwendo umodzi wosokedwa mpaka kutseka. Kunyumba kwawo ku Kapata ankangofika n'kugona chafufumimba ngati thumba la chimanga.

Akazi awo, a Mainess, anapirira nthawi yaitali, kenako anachita zimene mwambo umalola: anakadandaula kwa nkhoswe, mlongo wawo wamkulu a Andireya a ku Kasenengwa. A Andireya anabwera pa njinga, nakhala pampando wabwino wa m'nyumbamo, nayamba kuzungulira nkhani monga akulu amachitira.

"Alamu, tamva kuti m'nyumba muno mukuzizira."

"Musavutike ndi kuzizira, alamu," anatero a Bizwell. "Nenani kuti ndinatha. Amake Rozi sananame. Akugona ndi mchemwali wawo wovala buluku."

A Andireya anali atakonzekera kukangana ndi munthu wokana mlandu, ndipo posowa wokangana naye anakwiya kwambiri. Anagamula kuti mtedza ukadzakumbidwa zinthu zisanasinthe, adzabwera kudzatenga mlongo wawo pamodzi ndi mwana. A Mainess sanatsutse. Kusatsutsa kumeneko ndiko kunawaopsa a Bizwell, pakuti akazi awo ankawakonda kuposa mmene ankakondera kuseka.

Choncho anayamba kufunafuna mankhwala, ndipo boma lonse linafunafuna nawo, chifukwa chilichonse chimene ankayesa ankachilengeza. Anatafuna gondolosi mpaka nsagwada zinakula mphamvu zimene zinkafunika kwina. Anamwa mthubulo m'phala, m'tiyi ndi m'thobwa. Anaitanitsa mapilitsi a ku Joni amene anawaona m'nyuzipepala pambali pa chithunzi cha mwamuna wonyamula chitsulo, ndipo mapilitsiwo anagwiradi ntchito imodzi: anasandutsa mkodzo wawo kukhala wobiriwira. Anauza aliyense wodutsa kuti ngati kuchira kuli kosatheka, iwo angathe kutsegula ntchito yonyika nsalu.

Amene anawauza za chipatala ndine, ndipo ndikulemba pano chifukwa palibe wina adzakumbukira kunena. Ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku yunivesite ku Salisbury, ndikuphunzitsa ku sekondale, ndipo ndinkaona kuti kukhala chete pamene wina akulakwitsa ndi tchimo. Ndinawafotokozera kuti thupi la mwamuna limapanga madzi ena otchedwa testosteroni, amene amayendetsa ndevu, nyonga ndi chilakolako, ndi kuti kumene amapangidwirako kukavulala madziwo amachepa. Ndinalankhula mpaka dzuwa linasuntha mthunzi wa khonde.

"Aphunzitsi," anatero nditatha, "mwanena zambiri. Kodi ali ndi jekeseni wake?"

Analipo. Dokotala wa pachipatala, Mzungu wowonda wa mphuno yopsa ndi dzuwa, anawapima, nafunsa za matsagwidi aja, nayamba kuwabaya jekeseni wa mafuta pathako nthawi ndi nthawi. A Bizwell ankabwerako akutsimphina monyadira ngati msilikali. Anasiya kuwodzera pa makina. Tsiku lina anaitana anthu kuti adzaone tsitsi latsopano pachibwano pawo, ndipo anthu anabweradi.

Apa m'pamene amuna amphamvu a ku Fort Jameson tinawawonongera zinthu.

Muyenera kudziwa kuti dokotala uja sankamva Chinyanja, ndipo womasulira wake anali a Paison, amenenso anali mkulu wa mpingo ndiponso mwamuna wa mayi wodziwa kufalitsa nkhani. Kunena vuto lako kwa dokotala kunali kulinena pamaso pa munthu amene Lamulungu adzakupatsa mgonero akukuyang'ana. Koma telala poyeza buluku amagwada pafupi, tepi ili m'chiuno mwako, khutu lake lili pamene mawu onong'ona amagwera. Mwadzidzidzi amuna a m'boma muno anayamba kufuna mabuluku. Anthu amene pamowa ankatukwana Chitaganya mokweza mpaka apolisi kutembenuka, pakhonde paja mawu ankawathera.

"A Miti, pali mnzanga wina. Iyeyo chilakolako chilipo, koma msana. Mukapita mukamufunsireko."

"Mnzanuyo m'chiuno mwake ndi mofanana ndi mwanu?"

"Pafupifupi."

A Bizwell sankakana munthu. Ndipo pofuna kuti a Paison asayambe kulota mayina, ankanena mavuto onsewo ngati awoawo. Ulendo wina anauza dokotala kuti amakodza pafupipafupi ndipo ludzu silitha. Ulendo wotsatira anati ludzu alibe, koma akamwa kachasu zinthu zimakanika. Kenako anati mkazi wamng'ono akudandaula pamene wamkulu akuyamika. Dokotala anavula magalasi nalankhula nthawi yaitali, ndipo a Paison anamasulira mosangalala.

"Bwana akuti mwezi watha munali ndi mkazi mmodzi. Akuti munali wosamwa. Akuti mwawauza kuti muli ndi zaka za mnyamata, mwawauzanso kuti munamenya nawo nkhondo ya Jeremani yoyamba. Akuti munthu wodwala zonsezi akanakhala atamwalira kale, ndipo jekeseni wa boma si woseweretsa. Musabwerenso mpaka mutasankha matenda amodzi."

Jekeseni anaima. Patapita milungu ingapo kuwodzera kunabwerera, ndipo m'minda ya ku Kasenengwa masamba a mtedza anali atayamba kuchita mawanga. A Mainess anayamba kuchapa ndi kupinda zovala zimene sankazivala kawirikawiri. A Bizwell anaziona zili pamwamba pa sutikesi, ndipo tsiku limenelo anthu amene anawapatsa moni anayankhidwa kuti ali bwino. Msika wonse unada nkhawa.

Ndinapita kukawathandiza ndi nzeru. Ndinawaonetsa, mwadongosolo, kuti njira inali imodzi yokha: kubwerera kwa dokotala n'kutchula mwini wa vuto lililonse. Ndinati banja la munthu ndi lolemera kuposa manyazi a anthu amantha, ndipo mtundu umene ukufuna kudzilamulira uyenera kuyamba ndi kunena zoona. Mfundo imeneyi ndimainyadirabe.

Anandiyang'ana, ulusi uli pakamwa.

"Mwanena bwino, aphunzitsi. Ndiye potchulapo ndiyambire inu, kapena ndikusungireni kumapeto chifukwa cha sukulu?"

Ndiyenera kufotokoza kuti ine ndinali nditafunsira mnzanga wa ku Salisbury, amene anali atangokwatira kumene ndipo mabuku anali atamufooketsa. Kufanana kwa m'chiuno mwathu kunali kwangozi. Komabe ndinaona kuti mfundo yanga ikufunika kuiganiziranso, ndipo ndinapita kunyumba kukaiganizira.

Lamulungu lotsatira, anthu akutuluka m'tchalitchi, a Bizwell anaima pa masitepe navula chipewa.

"Abale, nonse mukudziwa matenda anga, chifukwa ndakhala ndikukutopetsani nawo. Lachinayi ndikubwerera kuchipatala. Kwathu kuno wodwala timamuperekeza, koma ine ndakhala ndikuyenda ndekha ngati mfiti. Amene ali ndi chifundo adzandipeze pakhonde m'mawa."

Sanatchule munthu, sanayang'ane munthu. Koma anatipatsa chimene aliyense ankachisowa, ndicho chifukwa chomveka chopitira kuchipatala. Kuperekeza wodwala si kuvomera kanthu. Ndi Chikhristu basi.

Lachinayi m'mawa pakhonde paja panali chifundo chochuluka kuposa chimene boma lino linaonapo. Kunabwera makalaliki, akalipentala, woyendetsa lole, mkulu wina wa nkhondo ya Jeremani ndi ndodo yake, ndi bambo wina wa mitala amene anayesetsa kuima kumbuyo. Ambiri anali m'mabuluku atsopano. Ine ndinapita monga munthu wa sayansi. Tinanyamuka wodwala ali patsogolo, akuyenda mwamphamvu kuposa omuperekeza.

Masiku amenewo amuna akuda oyenda pagulu kulowera ku boma ankatanthauza chinthu chimodzi. Tisanafike patali, wapolisi wina dzina lake Lemmy anatitsekera njira ndi njinga yake.

"Msonkhano uwu uli ndi chilolezo? Mtsogoleri ndani?"

"Ndine, bwana," anatero a Bizwell. "Si ndale. Mphamvu zachimuna zinandithera, ndiye ndikupita kukabayitsa. Awa akundiperekeza."

"Onsewa?"

"Ndine wokondedwa."

Lemmy anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo aliyense anapeza chochititsa chidwi pa nsapato zake. Wapolisiyo anakhosomola, nati ayenera kutitsatira kuti akatsimikize yekha ngati zinali zoona. Anakankha njinga yake pambali pathu mpaka kuchipatala, ndipo atafika anakhala pabenchi pamodzi ndi ife.

A Bizwell analowa okha poyamba. Zimene ananena tinazimva tonse, chifukwa kunong'ona sankakudziwa.

"A Paison, muwauze bwana kuti matenda anga ndi amodzi, omwe aja a matsagwidi. Enawo ndinabwereka. Eni ake sindiwatchula. Koma panjapo pali anthu amene akufuna kufunsa za ine, aliyense payekha, chitseko chili chotseka. Ndipo inu a Paison, zimene mumve lero mukakazifikitsa kunyumba, ndidzakumbukira amene anandifunsira mnzake wa mumpingo ndikumuyeza jekete."

Sitinamve a Paison akumasulira chiganizo chotsirizacho.

Dokotala anasuzumira pakhomo, naona benchi yodzaza mpaka wapolisi, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi. Tsiku limenelo anagwira ntchito mpaka madzulo. Zinapezeka kuti ofunika jekeseni ngati wa a Bizwell anali ochepa kwambiri. Wa ludzu uja anali ndi matenda a shuga, ndipo kuperekeza kumeneko kunamupulumutsa. Wa kachasu anauzidwa zimene akazi ake ankamuuza kale kwaulere. Mkulu wa nkhondo ya Jeremani anauzidwa kuti wagwira ntchito yake mokwanira, apume. Mnzanga wa ku Salisbury anauzidwa kuti alibe matenda, achepetse kuganiza ndi kulankhula, malangizo amene ndikuwaonabe kuti anali osakwanira mwa sayansi.

A Bizwell anatuluka akutsimphina.

Mtedza utakumbidwa a Andireya anabweradi, atabwereka ngolo yodzatengera katundu, m'menemo muli thumba la mtedza. Anapeza mlamu wawo ali padenga akukonza malata, akuimba nyimbo ya kwaya molakwitsa mawu. Anaitanira mlongo wawo pambali namufunsa ngati katundu ali womanga.

"Achimwene, tsitsani mtedzawo mudye, muzipita kusanade," anatero a Mainess. "Za m'nyumba muno zabwerera m'nyumba."

Kuchokera padenga panamveka mawu: "Musawanamize, amake Rozi. Sindinabwerere unyamata, alamu. Ndafika pakati."

"Pakati pomwepo ndi panga," anatero a Mainess. "Tsikani mudzadye."

Anakhala limodzi zaka zina zingapo, ndipo Lachinayi lililonse la jekeseni sankasowa owaperekeza, ena ochokera kutali ndi kumidzi. Chibayo ndicho chinawatenga m'nyengo yozizira ya chaka chatha, atangodwala masiku ochepa. Pamaliro amuna tinanyamula bokosi mosinthana, tili chete monga mwa khalidwe lathu. Amene analira kwambiri anali akazi athu, ndipo ambiri a iwo anabwera ndi nkhuku kwa a Mainess popanda kufunsa amuna awo. Pamenepo m'pamene tinazindikira kuti chinsinsi chathu chinali chinsinsi kwa ife tokha.

Pakhonde paja pali telala wina tsopano, waluso ndithu, amene amayeza mwakachetechete ndipo amayankha moni monga mwa lamulo. Amuna a m'boma muno tabwerera kukhala amphamvu tonse. Timapitabe kuchipatala, aliyense payekha, koma tikakhala pamaso pa dokotala ndi a Paison mawu amatembenukira pakhosi, n'kunena kuti tikumva chifuwa. M'nyumba zambiri za ku Kapata muli mabotolo a mankhwala a chifuwa osatsegula.

Mwezi watha ndinakumana ndi a Mainess pachipata cha chipatala, akuchokera kukaona wodwala. Aonda pang'ono, ndipo akukhalabe m'nyumba yomwe ija. Kumudzi anakana kupita. Ndinawapatsa moni mwaulemu wonse, dzanja lina nditaphimba thumba la jekete. Anayang'ana khosi la botolo limene linatulukira pakati pa zala zanga.

"Mukutsokomola, aphunzitsi?"

"Pang'ono, amayi."

Anagwedeza mutu, maso awo atalengeza misozi koma akumwetulira.

"Malemu anzanu akanakuperekezani," anatero, napitiriza ulendo wawo wa ku Kapata.